Thanga la Bambo a Takondwa

Tabeth anakweza lichero kupitirira mutu wake n'kuyamba kukhuthula nyemba pang'onopang'ono kuti mphepo itenge mankhusu. Mphepoyo inatengadi mankhusu, koma inatenga ndi nyemba zomwe. Zinauluka chammbali ngati matalala, kudumpha mphasa, n'kukagwera mu udzu wa m'tsinde mwa chulu.

"Basi, mayi a Takondwa, tsitsani lichero," anatero Luwiza, mnansi wake, amene anali atangofika kumene kudzamuthandiza. Dzanja limodzi linali litapsinja duku kuti lisauluke. "Mukudyetsa nkhunda za eni."

Tabeth anaseka, koma analitsitsa. Kuyambira ali kamtsikana kwawo ku Kapondo ankadziwa kuti mphepo youluzira imasankha, imanyamula zopepuka n'kusiya zolemera. Ikayamba kunyamula zonse, ntchito imaima. Mwera wa Ogasiti chaka chimenecho unabwera wokwiya. Dzulo lake unali utasasula udzu pa chigafa cha fodya cha akapitawo, ndipo tsopano fumbi linkathamanga mumsewu wa esiteti ngati ng'ombe zopirikitsidwa.

Onse awiri anagwada n'kuyamba kutola nyemba mu udzumo. Takondwa, kamwana ka Tabeth kongophunzira kumene kuyenda, kankatola nawo n'kumaponya m'kamwa.

"Koma alendo anu aja mwawasiyira chiyani pamoto?" anafunsa Luwiza.

"Alendo ati?"

"Achimwene anu a ku Kamwendo, a Cyprian. Afika mutangonyamuka, ali ndi mnzawo wolankhula cha ku Chipata. Ndimayesa mukudziwa. Ndasiyana nawo akutsikira ku damu ndi bambo a Takondwa, atasenzana chithabwa chija."

Tabeth anaimirira. Anakwera pamwamba pa chulu, chitenje chikumukulunga m'miyendo, n'kuyang'ana kumunsi. Pakati pa chulucho ndi damu panali munda wa bulugamu wa esiteti, mitengo italiitali yoima mothinana, ndipo nsonga zake zinali zitaweramira mbali imodzi. Madzi a m'mphepete anabisika kuseri kwa mitengoyo. Koma kupitirira apo, pakati pa damu, madzi anali atada bii, ndipo pamwamba pake pankatuluka timadontho toyera, kuoneka n'kusowa, kuoneka n'kusowa, ngati akakowa akutera m'dimba. Tonse tinkathamangira mbali imodzi, ku chipupa cha miyala cha kumapeto kwa damu.

"Mundigwirire mwana," anatero Tabeth, n'kutsika chothamanga.

Thabwalo linali la mzungu amene ankayang'anira esitetiyo kale. Davie, mwamuna wa Tabeth, atangofika kuchokera kwawo ku Thyolo kudzafuna ntchito, ankamusenzera thabwalo popita ku damu, n'kumaonerera ali kumtunda. Zaka zimene zipani zinachuluka m'dziko muno esiteti inagulitsidwa, mzungu uja anapita, thabwa linatsala kuseri kwa galaja makoswe akulidyera nsalu. Davie analipempha. Chilimwe chathunthu anthu ankamuseka akugwa m'madzi, kukwera, n'kugwanso, mpaka tsiku lina anaimirira osagwa. Munthu ankaima pathabwapo, n'kudzutsa ndi chingwe mlongoti wokhala ndi chinsalu chachikulu chimene Davie ankachitcha thanga, n'kugwira chitsulo chopingasa, mphepo n'kumamukankha. Anthu a pa esiteti ankati ndi njinga ya pamadzi.

Tabeth sanamuletsepo. Ku Mchinji kuno mwamuna wake anali wobwera, tenanti wopanda ngakhale kamunda kake. Pamaliro a kwawo kwa Tabeth ankamutuma nkhuni ndi madzi monga mkamwini aliyense, ndipo alamu ake ankamuyesezera kalankhulidwe ka kummwera iye ali pomwepo. Koma akaimirira pathabwa lija anthu ankasiya makasu n'kumuombera m'manja, ndipo ankabwera kunyumba akuimba likhweru. Chimenecho Tabeth sakanamulanda. Komabe ankadziwa zinthu zimene oombera m'manja sankazidziwa. Davie ankakwera thabwalo m'miyezi yotentha yokha, kamphepo kakamaomba mofatsa. Chijekete choyandamitsa munthu chimene mzungu ankavala chinaola kalekale. Ndipo kusambira kwa Davie kunali kwa galu, kongomufikitsa pathabwa ngati lili pafupi.

Atalowa m'munda wa bulugamu, mphepo inaleka ngati munthu watseka chitseko. Kumwamba mitengo inkalira, koma pansi ngakhale tsamba louma silinkasuntha. Atatulukira kugombe anapeza madzi ali phee, osalala ngati pakhonde pozira kumene.

Panali anthu ambiri. Inali nthawi ya nazale za fodya, ndipo amuna amene ankathirira m'mphepete mwa damu anali atasiya makeni awo n'kudzaunjikana. Amayi ochapa nawonso anali ataimitsa ntchito, thovu lili m'manja. Davie anali atanjuta pafupi ndi madzi, atavula malaya, akumanga chingwe pa mlongoti. Pambali pake panaima Cyprian, mchimwene wake wa Tabeth, wogulitsa katundu wa njinga ku Kamwendo, atavala nsapato zonyezimira zosayenera kumatope.

"Eee, nayu mlongo wanga!" anafuula Cyprian. "Wabwera kudzaululutira mwamuna wako? Maliko, Tabeth ndimakuuza uja ndi ameneyu."

Mlendoyo, bambo wamfupi wa chipewa chofiira, anavula chipewacho mwaulemu. "Muli bwanji, amayi? Ba Cyprian anatigonthetsa m'makutu ku Chipata, ati alamu awo ayenda pamanzi monga galimoto pa tala. Ine n'nakana. N'nati ku Mchinji nyanja muitenga kuti? Manje nabwera nione na maso yanga."

Tabeth anawalonjera onse awiri monga mwa mwambo. Kenako anapita kukagwada pafupi ndi mwamuna wake n'kutsitsa mawu.

"Bambo a Takondwa, lero ayi."

Davie sanatukule mutu. "Mitengo ndaimva ikulira. Koma taonani madziwa."

"Madzi a pano ndi abodza. Mitengoyi yawatchinga. Ine ndachokera pachulu. Pakati ponse payera mbee, ndipo zonse zikuthamangira ku miyala. Nyemba zanga zauluka pamodzi ndi mankhusu."

Manja a Davie anaima pachingwe. Anayang'ana kutali, atatsinzina pang'ono. Kuchokera pamene analipo kunkangooneka kamzere kakuda kodutsa pamadzi, basi. Mafunde ankachoka kwa iwo, atawapatsa msana, thovu lake lili kutsogolo kumene maso a munthu wa kugombe lino sakanaliona. Davie anayang'ananso nsonga za mitengo. Tabeth anaona kuti wamukhulupirira. Akanakhala awiriwiri, bwenzi atapinda thangalo osanena kanthu.

Koma sanali awiriwiri.

"Zonong'onezana zayambika," anatero Cyprian, akutsinzinira anthu diso. "Alamu, akukuuzani chiyani? Akuti mukatsuke mbale kaye?"

Anthu anaseka.

"Akuti kuli mphepo," anatero Davie.

"Mphepo?" Cyprian ananyowetsa chala m'kamwa n'kuchiimika m'mwamba. "Ili kuti? Mwina yatsalira m'chitenje mwa mlongo wangayu."

"Zoona, kulibe," anatero mayi wina wochapa. "Tsamba ilo lakhala pamenepo chiyambireni kuchapa ine."

Sankanama. Anali anthu a kumtunda. Mphepo ankaidziwa m'munda ndi padenga, koma madzi ankawadziwira pachitsime ndi m'dimba, kumene akakhala odikha pamapazi pako ndiye kuti ndi odikha ponseponse.

"Alamu," anapitiriza Cyprian, "munthuyu wawoloka malire chifukwa cha inu. Mukufuna akanene kwawo kuti Amalawi ndi pakamwa pokha? Kapena mlongo wanga anakudyetsani khuzumule? Nenani, tikufunireni wokusanzitsani."

Chiseko chinakula. Ngakhale Maliko anabisa pakamwa ndi chipewa. Mawu a Tabeth anatuluka asanawayeze.

"Achimwene, inu mukadziponya m'madzi mumayandama ngati nkhwangwa. Akakagwa pakati paja mukawavuula ndinu? Iwowa kusambira sadziwa bwinobwino, amangophiriphitha. Mukufuna ndikhale wamasiye kuti mnzanuyu aseke?"

Wina kumbuyo anati, "Ooo, kani katswiri wathu sadziwa kusambira?" ndipo chiseko chinabukanso, china chamtundu wina.

Tabeth anazindikira pomwepo chimene wachita. Khutu la mwamuna wake linagwedera. Davie anamaliza mfundo yake, anaikoka kawiri, n'kuimirira.

"Mayi a Takondwa, pitani mukaphikire alendo," anatero mokweza. Kenako, akuweramira thabwa, anawonjezera motsitsa kuti amve yekha, "Ndingozungulira m'mbali muno. Kumzere wakudawo sindifikako."

Anakankhira thabwa m'madzi, nakwera, nadzutsa thanga. Chinsalucho, chofiira ndi choyera mosuluka, chinangolendewera kaye ngati chovala pa chingwe. Kenako kampweya kena kozembera pakati pa mitengo kanachidzaza, ndipo thabwa linayamba kutsetsereka. Amayi anaululuta. Cyprian anamenya Maliko paphewa.

"Waona? Waona? Ndiye uzikanena kwanu!"

"Awe, n'zoona!" anatero Maliko. "Munthu aimilira pamanzi!"

Tabeth sanapite kukaphika. Anaima madzi akumunyambita zala za kumapazi. Anaona Davie akutembenuza thanga kuti adzere m'mbali monga analonjezera. Koma kampweya ka kuseri kwa mitengo kanalibe khalidwe. Kankabwera, n'kusowa, n'kubweranso kuchokera kwina, ndipo nthawi iliyonse kakasowa thabwa linkaima, n'kumasendera kunja pang'onopang'ono ngati mbuzi yodya ikulowera m'munda mwa eni. Davie anayesa kulozetsa mphuno ya thabwa kugombe. Thanga linakupiza, osagwira kanthu. Mzere wakuda uja sunali kutalinso.

"Bwererani," ananong'ona Tabeth. "Bwererani, bambo."

Mwera unamupeza asanafike n'komwe pamzerepo. Thanga linafufuma kamodzi n'kulira ngati chikwapu, ndipo Davie anauluka kudutsa pamwamba pa chitsulo chogwirira, khuvu!

Anthu anaseka, poti kugwa kwa Davie anali atakuzolowera. Mutu wake unatuluka, manja akumenya madzi, ndipo anagwira thabwa n'kukwawirapo. Anaimirira, nagwira chingwe, nayamba kudzutsanso thanga. Litangotuluka m'madzi mphepo inalilanda n'kulimenyetsa mbali ina. Davie anagwanso, ulendo uno chagada, ndipo anachedwa kutuluka.

Chiseko chinazima. Tsopano aliyense ankaona thabwa likukwera ndi kutsika, likusowa n'kuonekanso, ndipo linali laling'ono kuposa mmene linalili posachedwapa.

"Kodi mafunde amenewo achokera kuti?" anafunsa mayi wa tsamba uja.

Davie anakwawiranso pathabwa. Anagwada, chingwe chili m'manja, akuyang'ana kumene madzi ankamutengera. Kutsogolo kwake, chipupa chisanafike, kunali zitsa za mitengo imene inamizidwa pomanga damu, zakuda, zosongoka, mafunde akuswekapo. Kumanzere kwake, chakumbuyo pang'ono, kunali kachigwa ka bango kolowerera m'damu ngati chala. Kupitirira bango limenelo kunalibenso pogwira.

Tabeth anaona mwamuna wake akukulunga chingwe padzanja kuti ayesenso kachitatu. Sanadziwe kuti walowa liti m'madzi, anangozindikira ali m'chiuno. Chikwatiwireni anali asanatchulepo dzina la mwamuna wake pagulu. Anakunga manja kukamwa.

"Davie! Davie iwe! Chisiye chinsalucho!"

Mphepo yomwe inkamubera mwamuna ndi imene inanyamula mawuwo n'kukawatula kwa iye. Davie anatembenuka. Anayang'ana kugombe, kenako thanga limene linali litagona m'madzi likukoka thabwa ngati ng'ombe yokana goli. Anakhala choncho kanthawi kamene kwa Tabeth kanatalika ngati ulaliki wa pamaliro. Kenako anamasula chingwe padzanja, naweramira patsinde pa mlongoti, nalimbana ndi kachitsulo kolumikizira. Mlongoti unachoka. Davie anaukankha ndi phazi.

Anagona chafufumimba pathabwa n'kuyamba kupalasa ndi manja. Sanalimbane ndi mphepo maso ndi maso. Anadzera chammbali, kulunjika ku bango.

"Ku bango!" anafuula mmodzi wa othirira nazale. "Tengani nsungwi!"

Amuna anazula nsungwi zazitali za mpanda wa nazale n'kuthamanga m'mphepete mwa damu. Tabeth anatuluka m'madzi n'kuwatsatira, chitenje chonyowa chikumumenya m'miyendo. Atangotuluka kuseri kwa mitengo mphepo inawaomba mpaka ena anadzandira. Chipewa cha Maliko chinauluka, ndipo mwini wake sanachicheukire n'komwe. Patsogolo pa onse pankathamanga Cyprian.

Ku bango matope anali ofika m'mawondo. Cyprian analowa ndi nsapato zake zomwe, nsungwi ili m'manja, akuthyola bango ndi chifuwa. Madzi anamufika m'chiuno, kenako m'khwapa.

"Ndigwireni lamba!" anakuwa. "Ndigwireni lamba, ine sindidziwa kusambira!"

Maliko anamugwira lamba, wina anagwira Maliko, wina anagwira ameneyo, mpaka mzere unafika pouma. Tabeth anaima kumapeto, atakumbatira m'chiuno mwa bambo wina amene tsiku lina lililonse sakanayerekeza kumukhudza ngakhale chala.

Thabwa linkabwera, koma linkaseseredwanso chammbali. Funde lililonse linkalikankhira kunja kwa nsonga ya bango. Manja a Davie ankalowa m'madzi mochedwa tsopano, limodzi, kenako linzake, ngati munthu wolima dzuwa lili paliwombo. Tabeth sankathanso kuona bwino chifukwa cha misana ya anthu. Ankangomva mawu a mchimwene wake.

"Palasani, alamu! Pang'ono pokha! Palasani, bambo wanga, ndakupembedzani!"

Nsungwi inagwa pamadzi, yaifupi. Cyprian anaitukula, nalowanso phazi limodzi mpaka madzi anamufika pachibwano, naiponyanso. Mzere wonse unagwedezeka.

"Wagwira! Kokani!"

Anakoka. Anthu anagwerana m'matope, ena chagada, ena chammbali, ndipo pakati pa bango lothyokathyoka panatulukira mphuno ya thabwa, Davie ali pamwamba pake, dzanja limodzi litakakamira nsungwi, linalo litakumbatira thabwa. Anamunyamula ngati thumba la fetereza n'kukamukhazika pa udzu wouma. Anasanza madzi, nakhosomola, nasanzanso. Milomo yake inali itatuwa ndipo mano ankagundana. Pachipumi panali bala laling'ono pamene chitsulo chinamumenya.

Tabeth anasendera kwa mwamuna wake. Anakhala pansi pafupi naye, akungomuyang'ana akupuma. Chifuwa chinkakwera, chinkatsika. Anachiyang'ana ngati chinthu chimene sanachionepo.

Kutali, thanga linali litafika pa zitsa. Mphepo inalidzutsa kamodzi, lofiira ndi loyera, ngati likufuna kuimirira lokha, kenako linakodwa pa chitsa n'kung'ambika pakati. Mlongoti unapitirira wokha kukamenyetseka ku miyala. Anthu onse anaonerera. Davie nayenso anaonerera mpaka pamene panalibenso choonera.

"Linali la mzungu," anatero potsiriza, mawu ali osasa. "Lamutsatira mwini wake."

Wina anaseka pang'ono, mosadziwa ngati n'kololedwa. Kenako anaseka wina, ndipo chiseko chinafalikira gulu lonse, chopepuka, cha anthu amene atula katundu. Amayi ena ankaseka akupukuta misozi.

Cyprian anatuluka m'bango pomalizira, matope kuyambira kumapazi mpaka m'makutu, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha. Anaima patsogolo pa mlongo wake, manja ali lende.

"Tabeth, nena. Nena zonse, ndamva kale."

"Ndinene chiyani, achimwene? Mtsinje wa tinkanena unakathera mu siizi. Nsapato ina ili kuti?"

"Ndapereka nsembe."

"Mwachita bwino. Damuli limafuna munthu, mwalipatsa nsapato."

Cyprian ananjuta pafupi ndi Davie n'kumugwira bondo. "Alamu, pakamwa panga pano mupamenye."

"Ndikanapamenya," anatero Davie, "koma manja alibe mphamvu. Mundikumbutse mawa." Anakhosomolanso, kenako anatembenukira kwa mkazi wake. "Koma ine pakati paja ndinamva zachilendo. Munthu wina amandiitana ngati mwana wa sukulu wothawa kusesa. 'Davie iwe!' Ndinati kodi amayi anga abwera liti kuchokera ku Thyolo?"

Amayi ochapa aja anaombetsa manja akuseka. Tabeth anabisa nkhope m'manja.

"Simunamve bwino. Inali mphepo."

"Mphepo yodziwa dzina langa?"

"Nanga si mwakhala mukucheza nayo zaka zonsezi?"

Davie anamwetulira, koma kumwetulirako kunasweka ndi kunjenjemera. Mwera unkamuomba pathupi ponyowa, ndipo malaya ake anali atatsala kutali kugombe lija. Amuna onse anali onyowa ngati iye. Tabeth anali ndi chitenje china chouma chimene anamanga pachifuwa poberekera mwana, cha amayi a kumpingo, cha maluwa achikasu ndi mawu a nyimbo m'mphepete. Anachimasula, koma anazengereza. Anali atamuchititsa kale manyazi kamodzi pamaso pa anthu omwewa.

Davie anaona. Anatambasula dzanja, natenga chitenjecho, nadzifunditsa yekha kuyambira kumutu, n'kuchimanga pansi pa chibwano monga amachitira amayi m'mawa wa Juni.

"Khuzumule uja ndi ameneyu, alamu," anatero. "Amafunditsa bwino."

Cyprian anawerama n'kuyamba kupala matope pa nsapato yake yotsala.

Maliko, amene anali akufinya malaya ake, anasendera pafupi. "Ba Davie, ine naona. Ku Chipata nizakamba kuti munthu anaimilira pamanzi, na kuti manzi yanakalipa. Manje mukapeza nsalu ina, muzakwera liti futi? Nifuna nibwere na bakazi banga."

Davie anayang'ana damu. Kuchokera ku bango kuno mafunde ankaoneka bwino lomwe, mizeremizere, thovu lili kumutu.

"Tsikulo mukafunse mayi awa," anatero, akuloza Tabeth ndi chibwano. "Iwowa akakwera pachulu n'kunena kuti lero, ndiye lero. Akati ayi, mudzangodya nkhuku n'kubwerera."

"Mudzadya nkhuku zambiri," anatero Tabeth.

Anamuthandiza kuimirira. Cyprian ndi Maliko anasenza thabwa, wina kutsogolo wina kumbuyo, Cyprian akutsimphina ndi nsapato yake imodzi. Davie anatsogola, maluwa achikasu akukupiza pamsana pake, akudutsa pakati pa othirira nazale ndi amayi ochapa, ndipo aliyense amene anamuseka, iye ankamuyankha ndi moni wa amayi a kumpingo. Tabeth ankabwera pambuyo pake. Njira ya kunyumba inali yokwera, ndipo mwamuna wake ankaima kawirikawiri kuti apume. Nthawi iliyonse akaima, nayenso ankaima, osamufulumizitsa.